Mzungu Wongoyang'ana Pawindo

Lolemba, 7 Meyi

Pepa kope langa, ndabweranso ndi madandaulo. Mayi a kunyumba anatopa nawo.

Jenifer, mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Lilongwe, wanditumizira fulashi. Akuti muli mafilimu amene alandira mphotho kunja chaka chino, azungu mpaka kuimirira kuwomba m'manja. Mabenchi ndapukuta, ndapukutanso. Pabolodi ndalemba: ZA MPHOTHO, SIZINAONEKEPO PA NSARU. Fodya akugulitsidwa, alimi m'thumba muli kanthu. Ndikaphonya mwezi uno onse athera kwa Gladson wa tsidya la msewu, wa sikirini yaikulu uja, ndipo holo yanga isanduka nkhokwe.

Magetsi kulibe. Sindinaonereretu.

Lachiwiri, 8 Meyi

Holo inadzaza. Kalanga ine.

Mzungu wakhala pawindo. Akuyang'ana. Kunja mvula. Akuyang'anabe. Mkazi wake akulowa, akumuyang'ana, akutuluka. A Jonas okonza njinga anafunsa ngati makina aima. Ndinawagogoda makinawo pobisa manyazi, koma ndinkadziwa kuti ali bwinobwino. Chibakera palibe. Galimoto yogubuduka palibe. Ngakhale mawu a Chichewa amene anyamata a m'tauni amaikamo, mulibe.

Wina kumbuyo: mphothoyo anampatsa chifukwa chodekha eti?

Lachitatu, 9 Meyi

Yachiwiri: anthu awiri akudya, osalankhulana. Yachitatu ilibe ngakhale mtundu, yakuda ndi yoyera basi. Anabwera a Jonas okha, kudzagona. Kwa Gladson karate ikumveka mpaka kuchigayo.

Lachinayi, 10 Meyi

Jenifer pafoni akuti, amalume, amenewo ndi mafilimu oganizira. Ndamuuza kuti anthu a pa Nsaru amaganiza kwaulere kunyumba kwawo.

Loweruka, 12 Meyi

Ndinabwereka maiki ya kwaya kwa akatekisiti, a Evaristo. Sindinaname, ndinangoti ndi ya uthenga.

Masana kwa Gladson kunadzaza, osowa malo anawolokera kwathu monyinyirika. Ndinaikanso wa pawindo uja, mawu ake n'kutsitsiratu. Ndinayatsa maiki. Ndinati bambo mukuwaonawa agulitsa fodya ku Kanengo, abwerako ndi wailesi yokha, ndalama zotsalazo zinathera paresitihausi, tsono akuyang'ana kumsewu ngati zibwera zokha. Mkazi uja atalowa ndinachepetsa mawu: "Bambo a ana, za feteleza zili kuti?" Mzungu zii. Ndinafunsanso. Zii. Holo yonse kugwa nazo. Akangophethira, anthu ankakuwa kuti vomerani akulu.

Dzina sindinatchule, Mulungu mboni. Koma pa Nsaru ndani sadziwa zimene anachita Gladson chaka chatha? Potembenuka, akazi ake ali pakati pa benchi, akupukuta misozi ndi chitenje. Ya chiseko, ndikuganiza. Ndikuganiza chabe.

Lamulungu, 13 Meyi

Ku Misa sindinayang'ane kumbali. Pobweza maiki, a Evaristo anaitembenuza uku ndi uku, nandifunsa motsitsa kuti kodi mzungu uja avomera liti. Akuti ndikaitengenso.

Lachiwiri, 15 Meyi

Anthu anayamba kufika ndisanatsekule. Ndikusesa, pakhomo pada. Gladson. Ndinaima kuseri kwa benchi, tsache m'manja, maso pakhomo lakumbuyo.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati mnzake wa pawindo uja.

"A Tobias, sinali wailesi. Inali njinga. Mukamanena za munthu muzinena zoona."

Ndinapepesa, ndinati ndikonza. Kenaka anakakhala pabenchi lakutsogolo, chipewa pabondo. Akuti mayi awalamula aonere mpaka kumapeto, holo yawo lero atseka.

Ndamulembera Jenifer atumize ena a mphotho, makamaka amene anthu ake salankhula. Ndamupempha andiyankhe lisanafike Loweruka. Awiri odya osalankhulana aja ndawasungira a Jonas. Nkhani ya mbuzi ya apongozi awo ija sinathe.