Dzina Limene Ndinapatsa Mfiti ya mu Filimu

Kanyama, Lusaka
Lachitatu, 21 Febuluwale 2001

Wokondedwa msuweni wanga Sophia,

Landira moni wanga m'dzina la Ambuye. Muli bwanji kumeneko ku Chipata, iwe, alamu ndi ana? Chifuwa chija chinamusiya wamng'onoyo? Ife kuno tadzuka, kungoti mvula yatikwana. Kanyama yense wasanduka dziwe, tikuyenda modumpha pa miyala ndi pa matayala.

Kalatayi akupatsa pamanja ndi amayi ako. Andiuza kuti ndilembe chonchi: abwera kudzaona adzukulu chifukwa awasowa, ndiponso miyendo ikuwawawa ndi chinyezi cha kuno. Akhala masabata awiri kapena atatu. Akuti usavutike n'kuwaphera nkhuku.

Mawu awo athera pamenepa. Otsalawa ndi anga, ndipo iwo sakudziwa kuti ndikulemba. Uwerenge chamumtima, nkhope isasinthe, chifukwa ndikudziwa kuti akhala pafupi akukuyang'ana.

Sophia, ndalakwa. Azakhali sakubwera kudzacheza. Akuthawa Kanyama, ndipo amene wawathawitsa ndine, ndi pakamwa pangapa. Ndadzuka kale katatu pampando chiyambire kulemba, mtima sukukhazikika, ndiye ukaona zilembo zikupendama usandiseke monga umachitira.

Ukudziwa kuti kuyambira pamene kampani yathu inagulitsidwa n'kutichotsa ntchito, ine ndimadyera vidiyo. Ndili ndi chisakasa cha malata kuseri kwa msika, mabenchi asanu ndi limodzi, tivi ndi deki yoonetsera matepi. Azungu a m'mafilimu amalankhulira m'mphuno, anthu samva, choncho ndimakhala pambali ndi maikolofoni n'kumawafotokozera m'Chinyanja. Kunena zoona, zambiri ndimangopeka.

Mayina a azungu nawonso anthu sawagwira, ndiye ndimawapatsa a m'komboni muno. Wandewu amakhala Mukupa, kondakitala wa minibasi. Wakuba amakhala Bwembya wogulitsa makala. Eni mayina amanyadira, ena amachita kundichonderera kuti ndiwaikemo. N'chifukwa chake anthu amadutsa mavidiyo ena awiri kubwera kwa ine.

Amayi ako amakhala pakhomo pa chisakasacho ndi beseni la vitumbuwa. Filimu ikakhala mkati, iwo amasewera ludo ndi anzawo awiri, pa thabwa lothetheka lija tinkalimbirana tili ana. Ukukumbukira mmene amaponyera dayisi? Amayamba aiuzira mpweya m'chikhatho, kenako n'kuiponya akuyang'ana kumbali.

Mwezi watha Happy, mnzanga wobwereketsa matepi m'tauni, anandibweretsera filimu yachilendo. Muli chinjoka cha mapiko cholavula moto, tianthu tatifupi tandevu mpaka pamimba, ankhondo a malupanga, ndi mayi wina wokalamba wamatsenga. Mayiyo akaponya timiyala pa tebulo, chinjoka chimadzuka kukatentha mudzi. Ndipo asanaponye, amayamba wauzira mpweya m'chikhatho.

Nditangoona zimenezo, dzina la amayi ako linatuluka lokha pa maikolofoni. Sindinaganize n'komwe. Chisakasa chonse chinafa nalo phwete, ena mpaka kugwa pa benchi.

Potuluka anthu anagula vitumbuwa vyonse, beseni mbee. Azakhali atamva chifukwa chake, analowa kukadzionera okha. Anatuluka akupukuta misozi ya kuseka, akuti mayiyo ndi wowonda kwambiri, sakudya bwino, ndipo chinjokacho chikanakhala chawo bwenzi akuyatsira mbaula m'malo movutika ndi makala onyowa.

Filimu imeneyo Kanyama yense anapenga nayo. Anyamata a minibasi ankakangana ngati chinjokacho chilipodi, ndi dziko limene amachiweta. Azimayi ankaphimba nkhope ndi chitenje koma osatuluka. Mkulu wina anandibwezetsa tepi kasanu pamalo pamene moto ukugwira mlatho, akuti akufuna aone pamene azungu abisa machesi. Ndinaionetsa masabata awiri, katatu patsiku, ndipo nthawi iliyonse dzina la azakhali linkamveka mpaka kumsika.

Zinthu zinatembenuka Loweruka lina masana. Happy anabwera kudzaona tepi yake, ndipo pofuna kuonetsa kuti sukulu anapitako, anayamba kuwerengera anthu zolembedwa pa chikuto. Anati filimuyi inachokera ku masewera amene azungu amachita atakhala mozungulira tebulo. Mmodzi amafotokoza nthano, enawo amaponya madayisi, ndipo dayisi ndiyo imanena amene apulumuke ndi amene afe.

Kuseka kunathera pomwepo. Mayi wina anafunsa kuti, “Manje dayisi ndiye isankha wamene azafa?” Happy anavomera, anati inde, m'masewera. Koma mawu oti masewerawo sanatuluke nawo pakhomo. Anthu potuluka anapeza azakhali atawerama pa thabwa lawo, akuuzira dayisi m'chikhatho.

Pofika Lolemba nkhani inali m'kamwam'kamwa. Akuti filimuyo ndi maula a satana. Akuti Edwell, ineyo, ndi mwana wa mlongo wawo, anamulera okha bambo ake atamwalira, amadya nawo mbale imodzi, ndiye sangawatchule pachabe, chilipo chimene anaona m'nyumba. Waona mmene anandigwirira? Chibale chathu chomwechi ndicho chinasanduka umboni.

Sabata yomweyo Kafula, kamtsikana ka ba Mwewa oyandikana nafe, kanadwala kolera. Chaka chino kolera wagwira anthu ambirimbiri kuno, madzi a m'zimbudzi asakanikirana ndi a m'zitsime, aliyense akudziwa. Koma wina anakumbukira kuti mwanayo anadya chitumbuwa cha azakhali m'mawa mwake. Winanso anakumbukira kuti tsiku limenelo azakhali anaponya sikisi katatu motsatizana.

Mwanayo anachira kuchipatala, tithokoze Mulungu. Ine ndinati basi nkhani yatha. Anthu anati wachira chifukwa mfiti yaululika, yachita mantha n'kumubweza.

Kuyambira pamenepo vitumbuwa vinayamba kubwerera kunyumba monga vinapitira. Anzawo a ludo aja anasiya kubwera, wina akuti mutu, wina akuti alendo. Ku pompi azimayi amachotsa zidebe zawo pamzere azakhali akafika, n'kuwasiya atunge okha. Ana amawatsata m'mbuyo akukupiza manja ngati mapiko. Lachisanu lapitali mwala unagwa pa denga dzuwa likuswa mtengo, iwo ali m'nyumba akusenda nyemba.

Zonsezo anapirira, ukuwadziwa amayi ako. Chimene chinawathyola n'cha kutchalitchi. Atsogoleri a chigwirizano cha amayi anabwera awiri, mwaulemu ndithu, n'kunena kuti ayambe aleka kuvala yunifolomu mpaka akulu a mpingo atakhala pansi n'kumva nkhaniyi. Bulauzi yoyera ija aivala zaka makumi atatu ndi chimodzi, Sophia. Anaichapa, anaisita, anaipinda pamodzi ndi duku lake, n'kudzaiika pamwamba pa deki yanga.

Usaganize kuti ndinangokhala. Ndinaionetsanso filimuyo, ndipo mayi wamatsenga uja nditamufika ndinamupatsa dzina langa, ndinati ameneyu ndi Edwell wavala diresi. Palibe anaseka. Mnyamata wina kumbuyo anakuwa kuti, “Iwe Edwell, usatiname, tibaziba aba!” Ndipo chisakasa chonse chinayamba kutchula dzina la azakhali, mogwirizana ngati kwaya.

Ndinazimitsa tivi, ndinaima kutsogolo. Ndinawauza kuti ndinapeka ndine, monga ndinapekera kuti Bwembya ndi wakuba, chikhalirecho Bwembya sanabepo ngakhale khala limodzi. Anati za Bwembya zinali nthabwala, koma izi n'zina. Anati andiopseza kunyumba, taonani mmene akunjenjemerera. 

Mawa lake ndinatentha tepiyo pa mbaula, anthu akuona. Akuti ndawononga umboni. Happy sakundilankhula. Ndinapita nayo nkhaniyo kwa ba Mwewa, anandimvera bwinobwino mpaka kumapeto, kenako anandifunsa kuti ngati zinali zopeka, bwanji pa mayina onse a mu Kanyama ndinasankha limenelo.  Ndikanati chiyani, kuti amaponya dayisi mofanana?

Ndasowa mtengo wogwira, msuweni wanga. Zaka zinayi anthu awa akhala akukhulupirira chilichonse chimene ndanena pa maikolofoni, ndipo ine ndinkadzitama nazo. Lero ndikunena zoona koyamba, palibe akundimva.

Chimene chikundidya kwambiri n'chakuti azakhali sanandikalipire. Akanandimenya ndi mthiko monga kale, bwenzi ndikupuma. Amandiphikira, amandiikira madzi osamba, amandifunsa ngati ndakhuta. Thabwa la ludo analiwaza n'kusonkhezera moto, dayisi sindikudziwa kumene anaitaya.

Tsono ndikukupempha. Usawalole kubwerera pakatha masabata atatuwo, upeze chifukwa chilichonse, unene kuti ana akuwafuna. Usawafunse za nkhaniyi mpaka ataiyamba okha, chifukwa chimene akuopa kuposa miyala n'chakuti iwe umve kuti amayi ako akutchedwa mfiti.

Pansi pa chikwama chawo, kunsi kwa zitenje, ndabisamo yunifolomu ija. Uitulutse iwe asanaione, uisunge. Tsiku la chigwirizano likafika kumeneko, uwapatse, upite nawo, ukhale nawo benchi imodzi. Akakana usawakakamize, koma sabata yotsatira uyesenso.

Alamu ndi mkulu wa mpingo, mawu awo amalemera. Uwapemphe alembere akulu a kuno, anene mmene akuwadziwira apongozi awo. Ine Lamlungu likudzali ndapempha kuti ndiime pamaso pa mpingo wonse, popanda maikolofoni, ndinene zimene ndinachita. Kaya akandimvera kaya ayi, sindikudziwa. Chisakasa ndatseka, ndipo sinditsegula mpaka amayi ako atavalanso zoyera mu Kanyama muno.

Iweyo unditukwane mmene ungathere, ndikuyenera. Ulembe ndithu, ngakhale mzere umodzi wonyoza. Kukhala chete kwa anthu awiri sindingakuthe.

Undiperekere moni kwa alamu, kwa Isaac ndi Tiwo, ndi kwa onse a kumpingo amene akundikumbukira. Uwauze ana kuti agogo awo asawapemphe kusewera ludo.

Ndiyenera kulekeza apa, minibasi yopita kokwerera mabasi a ku Chipata sidikira munthu, ndipo chikwama ndinyamula ndine. Posachedwapa azakhali analowa n'kundiuza kuti ndiwawerengere zimene ndalemba. Ndinagwira mapepala onsewa n'kuwawerengera za adzukulu, za miyendo ndi za nkhuku, kenako ndinawonjeza za mvula ndi mitengo ya ufa mpaka mapepala anatha. Ntchito yanga ndi imeneyo, kuyang'ana china n'kunena china.

Anamvetsera atapinda manja. Nditamaliza anayang'ana mapepalawo nthawi yaitali, n'kunena kuti ndi ambiri ndithu pa nkhani ya nkhuku. Kenako anandifunsa ngati ndalembamo dzina lawo. Ndinati ayi. Anati ndachita bwino, ndingolemba kuti amayi ako, chifukwa dzina lawo ndalitchula kokwanira.

Ukafufuze m'kalata yonseyi, Sophia, sulipeza. Sindidzalitchulanso mpaka atandiloleza eni ake.

Ambuye akusungeni nonse, ndipo awasunge iwo koposa.

Ndine msuweni wako wolakwa,
Edwell