Moni wa Amayi Ako

Lamulungu, pa 16

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti muli bwino, iwe, amuna ako ndi adzukulu anga. Ine ndadzuka. Udabwa kulandira kalata chonsecho unanditumizira foni yodula. Pali mawu ena amene sindingathe kuwanena nkhope yako ikundiyang'ana pagalasi. Ukhululuke zilembo zanga, ukudziwa kuti sukulu ndinangoilawa.

Kuzizira kwatha. Mtengo wa pichesi umene amayi ako anabzala kuseri kwa khitchini wachita maluwa tsamba lisanatuluke ndi limodzi lomwe, ndipo njuchi zayamba kale phokoso lawo. Majuzi ndachapa ndekha n'kuwapinda m'sutikesi. Aka n'koyamba kuti ntchito imeneyo ndigwire ine, choncho la ubweya lija lafupika, mwina lingamukwane mwana wako wamkulu.

Kuntchito atiikira kamakina pakhomo. Munthu akafika amaika chala pakagalasi kuti kalembe kuti wabwera. Anzanga onse kamawadziwa, ine kamandikana. Akuti sandipepa wa zaka makumi anayi anafufuta mizere ya zala zanga. M'mawa uliwonse ndimaima pamenepo ndikupukuta chala pa ovolosi, anthu atandandalika kumbuyo kwanga, mpaka akapitawo abwere kudzalemba dzina langa ndi cholembera. Wopaka vanishi amati, "Madala, mwina munamwalira kalekale, kungoti sanakuuzeni." Onse amaseka. Inenso ndinkaseka. Sabata ino sindinaseke.

Tsopano ndinene chimene ndalembera kalatayi.

Ndakhala ndikukunamiza. Ukaimba Loweruka n'kunena kuti ndiyatse kamera uwaone amayi ako, ndimati netiweki yavuta, kapena agona, kapena apita kwa anzawo. Dzulo sindinayankhe n'komwe. Netiweki ilibe mlandu. Amayi ako mutu wawo sukugwira. Zinayamba kuzizira kusanafike: mchere mu tiyi, makiyi m'firiji. Ndinati ndi ukalamba, tonse tikupita komweko. Mwezi watha ndinapeza poto atapserera mpaka kubooka, mbaula ya magetsi ili psuu, iwo ali pampando akusokera batani pansalu yopukutira mbale. Kuyambira tsikulo ndimazimitsa mbaula pabokosi la magetsi ndisananyamuke, chakudya ndimawasiyira m'mbale yovindikira.

Lachiwiri lapitali atelala a pakona anabwera kuntchito akuthamanga, tepi ili m'khosi. Anali atawapeza amayi ako pamphambano ya msewu waukulu, atavala masilipasi, magalimoto akuwaimbira mahutala uku ndi uku. Atawafunsa kumene akupita, anayankha kuti akukatenga mwana kusukulu, kumwamba kwada ndipo Kanjuchi wapita wopanda juzi. Kanjuchi ndiwe. Dzinalo anakupatsa uli ndi zaka zinayi, atakugwira ukunyambita shuga m'chitini. Sukuluyo anaigwetsa kalekale, pano pali pomwetsera mafuta.

Amayi ako ndinakawatenga kwa atelalako. Panjira anandigwira mkono bwinobwino. Titafika pakhomo, ine ndikutsegula, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kunena ndi ulemu wonse:

"Zikomo bambo, mwandithandiza. Koma musalowe, amuna anga kulibe."

Zaka makumi anayi ndi zitatu tili m'banja, mwana wanga. Ndinaima panja kufikira nditamva kuti akhala pampando. Kenako ndinapita kusitolo ya zitsulo, ndinagula loko ndi chokolowekera chake, n'kudzamangirira kunja kwa chitseko ndi masikuluwu anayi. Ntchitoyo ndinaigwira bwino, monga ndigwirira ntchito iliyonse. Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu ndinawatsekera amayi ako m'nyumba ngati katundu.

Masiku atatuwo manja anali pathabwa, makutu ali kumsewu. Ikadutsa galimoto ya ozimitsa moto, ndinkasiya ntchito n'kumvetsera kumene ikulowera. Ndinkaganiza za machesi amene mwina sindinawaone m'kabati, ndi zitsulo za m'mawindo zimene ndinaumirira ndekha kuti tiike. Kiyi ali m'thumba mwanga, ine ndili kutali ulendo wa ola lathunthu. Lachisanu ndinadzicheka ndi tchizulo, zimene sizinandichitikirepo chichokere pa unyamata. Akapitawo anandiyang'anitsitsa, n'kufunsa ngati kunyumba kuli bwino. Ndinati kuli bwino.

Madzulo ake amayi ako ndinawapeza pawindo la kukhitchini, atatulutsa dzanja pakati pa zitsulo, akuyesa kufikira nthambi ya maluwa. Tsiku limenelo anandidziwa. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Bambo a mwana, ndalakwanji?" Kukanandipepukira akanapanda kundidziwa.

Loko ndinachotsa dzulo. Mabowo anayi akuoneka pachitseko, sindinawamate. Akazi a atelala avomera kukhala nawo masana mpaka Lachisanu likudzali, kupitirira apo ali ndi zawo. Kuchipatala atipatsa tsiku la pa 27, ndipo akuti pabwere wachibale wotha kumva zimene adokotala anene ndi kuwerenga mapepala. Ndikasiya ntchito sitidya. Ndikapita kuntchito sindidziwa chimene ndidzapeze pobwera. Ndili ndi mantha. Mawu amenewa sunawamvepo pakamwa panga, ndipo sindiwabwereza.

Chikwatiwire sindinakupemphepo kanthu. Ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali ndiponso kuti tchuthi sapereka wamba. Usatumize ndalama, usatumize foni ina. Bwera. Koma ndikuchenjeze, mwina akakuona adzakupatsa mpando ngati mlendo n'kukufunsa kwanu. Zikatero usalire pamaso pawo, amachita mantha. Ukalirire kuseri, kumtengo kuja. Ndi kumene ndimapita ine.

Upereke moni kwa amuna ako, ndipo uwapemphe m'malo mwanga kuti akulole. Adzukulu uwauze kuti agogo awo akuwasungira timatabwa totsala, tosalala bwino, topanda misomali.

M'mauthenga onse a chaka chino ndinkatsiriza ndi mawu akuti amayi ako akupereka moni. Moni umenewo unali wanga. Lero ndawafunsadi. Ndatchula dzina lako lenileni, sanatukule mutu. Nditati Kanjuchi, anasiya kusoka n'kuyang'ana kuchitseko. Akuti ndikuuze kuti usaime panjira kusewera ndi anzako, ubwere msanga mvula isanakupeze. Akukudikira.

Ndine,
Bambo ako