Mchombo wa Mdzukulu Wanu

Lozells, Birmingham

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi Amayi. Nanga mwendo uja, ukukulolani kutsikira kudimba? Kuno tadzuka bwino, ine ndi mkamwini wanu Wallace. Ndalemba pamanja chifukwa foni yanga munasiya kuyankha, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa.

Amayi anandiuza zimene munanena nditatenga pasipoti ya kuno. Akuti munafunsa ngati munavutikira ufulu kuti mwana wanu akalumbire kwa mfumu ya azungu omwewo. Zinandiwawa, Ababa, sindinama. Ndinalira m'basi popita ku shifiti yanga kuchipatala.

Komatu mtima umenewu ndinautengera kwa inu. Ndani kwathu ku Thyolo sadziwa za chipewa chanu? Muli mnyamata pa esiteti ya tiyi, mzungu akudutsa, anzanu onse avula zipewa, inu chanu chili nga! kumutu. Ntchito inathera pomwepo, munabwerera kumudzi wapansi, chipewa osachigwira n'komwe. Mpaka lero pa 6 Julaye mumachisasa fumbi n'kukhala nacho pakhonde ngati bwanamkubwa. Manesi anzanga onse nkhaniyi anaimva kwa ine, ena mpaka inawakwana. Ndimakunyadirani, Ababa.

Zaka zanga zoyamba kuno, viza yanga inali m'manja mwa ondilemba ntchito. Akandikalipira pamaso pa odwala, ndinkangopepesa, poopa kubwezedwa. Changa chipewa ndinkavula tsiku ndi tsiku. Pano ndikalakwiridwa ndimayankha, ndipo palibe angandiopseze ndi ndege.

Tsiku lolumbira lija ndinavala chitenje cha mbendera yathu, kumutu duku. Palibe anandiuza kuti ndivule. Akanangoyerekeza, akanamudziwa mwana wa a Laison.

Tsono nkhani yeniyeni nayi. Mwamva kale kwa Amayi kuti Mulungu watipatsa mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu, ukali ndi wanunso, akalusa Lozells yense amamva.

Sabata yatha mchombo wake unagwa. Anthu a kuno amangotaya m'bini, ine manja anakana. Wallace anati tikwirire kuseri kwa nyumba. Kuseri kwake kuti? Ndi simenti yokhayokha ndi mabini, nyumbanso ndi ya eni ake.

Tili mkati mokangana anafika Mayi Sharifa, a ku Mangochi, amene amasamalira okalamba kuno ndipo amabwera kudzandisambitsira mwana. Anatikalipira ngati ana awo. Anati mchombo sukwiriridwa pa lendi. Anatifunsa kuti landilodi akadzatisamutsa, mwanayu akadzakula adzaloza pati kuti mpakwawo.

Ndiye ndadula kansonga ka chitenje chomwe chija, ndakulungamo mchombowo. Uli m'envelopu momwemu. Gomezgani, mnzake wa Wallace amene akubwera kumudzi, walonjeza kuupereka m'manja mwanu, osati mwa wina.

Chonde Ababa, ndagwira mwendo wanu. Muupereke kwa Amayi akaukwirire patsinde pa mpoza uja, pomwe anakwirira wanga. Ngati mkwiyo ulipobe, ukhale pa ine. Mwanayu sanalumbire kwa munthu.

Dzinanso alibe. Boma la kuno silidikira, likufuna timulembetse msanga, koma ine ndi Wallace tagwirizana kuti womutcha ndinu. Pakadali pano tikungomuitana kuti Mlendo, ndipo wayamba kutembenuka tikatero. Zikundiopsa.

Mundiperekere moni kwa Amayi, kwa achimwene a Albert ndi alamu anga, ndi onse a kumpingo. Mulungu akusungeni, mwendowo aulimbitse.

Foni ndikuyenda nayo m'thumba usana ndi usiku. Ngati simufuna kuyankhula nane, palibe kanthu. Ingoimbani, ndiiika pakhutu pa mdzukulu wanu, mumuuze yekha dzina lake.

Ndine mwana wanu chitsirizira,
Esnath