Muzu wa hopusi ukubwera ndi Kizito

Area 23, Lilongwe

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Amayi. Bondo lija lasiya kuvuta? Ine kuno ndilipo, ngakhale dzuwa la Okutobala likutiwotcha ngati tinalilakwira.

Mukudziwa kuti ku yunivesite sindinabwereko ndi pepala. Achibale anandikumbutsa mokwanira pa maliro a Azakhali, n'chifukwa chake simunandionenso kumudzi. Chomwe ndinabwerako nacho ndi kamuzu ka hopusi, chomera choyanga chimene maluwa ake amawawitsa mowa wa m'mabotolo. Ndinakabzala m'chidebe kuseri kwa chipinda changa, ndipo chaka chatha kanakwera chingwe mpaka padenga n'kundipatsa mthunzi pawindo.

Tsopano kali pa mavuto. Malata akutentha, masamba akupsa m'mphepete, mpopi wathu nawo umangotulutsa mpweya. Kuwonjezera apo, amake Trevor, oyandikana nawo khomo, anathyola nsonga zonse poyesa nkhwani. Anathira nsinjiro zawo bwinobwino, amuna awo n'kulavula. Ndiye mayiwo anabwera kudzandikalipira kuti ndimabzala ndiwo zolodzera anthu. Ndinawayankha kuti tsiku lina akadzafuna kuba adzayambe afunsa dzina la chomeracho. Mpaka lero sitipatsana moni. Eni nyumba nawo akuti masambawo akufanana ndi chamba, ndizule mwezi usanathe.

Pempho langa ndi limodzi. Kizito wa Amalume akubwera Loweruka ndi muzuwo, wokulungidwa m'chiguduli chonyowa. Mukaubzale kudimba, kumene kumazizira, pafupi ndi nthochi zija kuti dzuwa la masana lisaupeze. Wina aliyense sindingamupemphe. Inu chomera sichinakufereni m'manja.

Koma Bambo, hopusiyu akaphuka musamuzungulize pamtengo monga muchitira ndi nyemba zanu. Hopusi amazungulira mbali inayo. Mukamukakamiza njira ya nyemba, pofika mawa mupeza wadzimasula, wagona pansi. Ine ndinalimbana naye nthawi yaitali ndisanamvetse. Mungomuikira chingwe pafupi, mumusiye. Amachedwa, koma amakwera.

Akafika pamwamba mundiuze. Ndidzabwera kudzamuona, ngati pakhomo padakali malo anga.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti ndikudya, asadandaule. Moni kwa achimwene a Leston, alamu ndi ana onse. Kwa aja ondinena pamaliro, muone nokha.

Ndine mwana wanu wosamva uja,
Jemima