Chuku m'galasi la kamera

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Chiringa ana ali bwino, koma amayi sakudzukanso pamphasa, ndipo phala amangolawa.

Munapempha chithunzi chawo. Ndinawajambula pa Khirisimasi akutha kuima, atavala chitenje munatumiza chija. Nditakatsukitsa filimu ku Limbe, zithunzi zonse zinatuluka ngati ndinajambulira mu utsi. Ndinamukalipira mkulu wa pasitudiyo kuti wandiwonongera filimu. Iye anangotenga kamera munandisiyira ija, n'kuitsegula kumbuyo, n'kuloza galasi kudzuwa.

"Fumbi limakhala timadontho, ukauzira limachoka," anatero. "Koma taonani timizu toyerati, tokhala ngati ukonde wa kangaude. Ichi n'chuku, chamera m'kati. Mumaisunga pati?"

Achimwene, manyazi anandigwira. Poopa fumbi ndi akuba, ndinkaikulunga m'pulasitiki n'kuitsekera m'sutikesi kunsi kwa bedi, kuja kumachita chinyezi mvula ikamagwa. Kunja ndinkaipukuta ndi malaya tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti ikuwola m'kati. Akuti galasi ladyeka, silingakonzekenso.

Ndinabwereka kamera ya mnzanga kuti ndiwajambulenso, koma amayi akana. Akuti, "Mwana wanga asandione nditatha chonchi."

Ndaika chithunzi chimodzi m'kalata muno. Chitenje muchizindikira, koma nkhope ayi. Musavutike kutumiza kamera ina, achimwene. Bwerani mudzawaone ndi maso anu mvula isanathe.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mng'ono wanu,
Lusiyano