Nyimbo Khumi ndi Ziwiri za a NyaShaba

Lolemba, 14 Julayi

Ndapalamula. Ndilembe msanga ndisanayambe kudziikira kumbuyo.

A Conrad Mithi, mkulu wa mpingo amene amatidzudzula kuti timasinza pa ulaliki, anabwera m'mawa kudzazonda akazi anga, a NyaShaba. Atapemphera anakhala pabenchi kuwothera dzuwa, mbwenu tulo. Mkonono wake ngati makina ochekera matabwa ku Chikangawa. Ine ndinati mwayi wotere subwera kawiri, ndijambule anzanga a pabawo akamve. Foni ikuti malo adzaza. Ndinachotsa tinthu titatu, kena kanali kabokosi kofiira. Mkonono unalowa wonse, mphindi zinayi.

Masana inakwana nthawi ya kampira. Chidwalireni sitiroko mu Febuluwale, dzanja lamanja la a NyaShaba ndi lofooka, ndipo pakamwa pamangotuluka "enya" ndi "yayi", eya ndi ayi wa kwathu kuno. Anesi a Linily a kuchipatala cha ku Embangweni anati azifinya kampira ka nsanza kawiri pa tsiku kuti zala zisaume. Iwo amafinya pokhapokha zikulira nyimbo zawo khumi ndi ziwiri zimene anasanja okha asanadwale, n'kuzitcha "Zanga". Ntchito yanga ndi kuwaika tomvera m'makutu, kudina, n'kupita kokamwetsa ng'ombe.

Kabokosi kofiira kaja ndiye kanali nyumba ya "Zanga".

Lachiwiri, 15 Julayi

Ndinawauza a NyaShaba kuti foni yagwidwa ndi chimfine, kuzizira kwa Julayi uku. Anandiyang'ana mmene amayang'anira mbuzi yolowa m'dimba.

Mufoni muli kabokosi kena ka nyimbo, kobiriwira. Ndatsegula, nyimbo mazana asanu ndi anayi ndi kanthu. Zonse dzina limodzi, AUD ndi manambala, ngati akaidi. Za kwaya, za ukwati, maulaliki, wina akulengeza za mankhwala a nkhupakupa. Chilichonse chimene anthu anatitumizira pa Watsapu chili momwemo. Ndinawaikira ya kwaya imene ndinaona ngati yabwino. Anazula tomvera ndi dzanja lamanzere n'kutembenukira kukhoma. Kampira kali pansi pa bedi.

Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi za ukwati, koma funsani nyimbo zimene amakonda mkazi wanga, sinditchula ngakhale zitatu. Wolakwa ndi amene anapanga tomvera m'makutu.

Lachitatu, 16 Julayi

Ku Boma. Minibasi inaima paliponse pamene munthu wakanda mutu.

Pamsika pali Louis wokonza mafoni, kashopu kake kodzaza mawaya ngati chisa cha mpheta. Anapotokola foni uku ndi uku, kenaka anandifotokozera pang'onopang'ono ngati ndine wa sitandade wani. Akuti nyimbo sizinafe, zilimo. Chimene chatayika ndi mndandanda, woti iyi iyambe, iyi itsatire. Ndinati ndiye ng'ombe zilipo koma khola ndi limene lapsa. Anati eya adada, mwakhoza. Ndinamuuza kuti akanandipatsa satifiketi.

Akuti kabokosi akhoza kukabwezera pompo, koma kabwera kopanda kanthu. Kuti kakumbukire zakale pafunika nambala yachinsinsi ya amene anatsegula foniyo ili yatsopano. Ameneyo ndi mwana wanga Calvin, ku Joni. Tinamuimbira katatu, sakuyankha. Ndamusiyira mawu kuti bambo ako ali pamoto.

Louis anati bwanji angondithirira nyimbo zatsopano zovinidwa masiku ano, amama asangalale. Anandimvetsa imodzi. Ndinamufunsa ngati woimbayo anapita naye kuchipatala.

Ndabwerako ndi mabanzi awiri. A NyaShaba adya banzi, ine sanandiyang'ane.

Lachinayi, 17 Julayi

Nzeru zatsopano. Ndikuliza nyimbo imodzi imodzi pa sipika, iwo ali ndi mthiko kudzanja lamanzere. Ikakhala yawo agogoda bedi, ine ndilemba nambala kuseri kwa kalendala. Ikakhala yosayenera amati "yayi". Ndamva "yayi" lero wokwana chaka chonse. Kawiri mthiko unaphonya bedi n'kupeza bondo langa, ndipo sindikhulupirira kuti inali ngozi.

Pofika masana tinapeza zinayi. Ziwiri za Umanyano, gulu la amayi a mpingo, imodzi ya ingoma, ndi ina ya gitala ya ku Zambia yodula chiuno. A NyaShaba, msungichuma wa Umanyano zaka khumi! Ndinawayang'ana, iwo anayang'ana denga.

Kenaka tsoka. Analowa amayi atatu a mpingo ndi nkhuni ndi ufa, pakati pawo akazi a a Conrad. Ndinati khalani mutithandize, mwina mukuzidziwa. Ndadina yotsatira, chinatuluka ndi mkonono. Mphindi zinayi zija, zimene ndinatumizira anzanga a pabawo pa Watsapu. Chala changa chinafunafuna poimitsira osapapeza. Ndinati ndi thirakitala ya ku esiteti. Akazi a a Conrad anamvetsera mutu uli chopendekera, n'kunena kuti thirakitala imeneyo agona nayo nyumba imodzi zaka makumi atatu, aidziwa magiya ake onse.

Anzawo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. A NyaShaba sanaseke. Amvetsa tsopano chimene ndinagulitsira nyimbo zawo.

Lachisanu, 18 Julayi

Calvin watumiza nambala. Louis akuti si imeneyo. Ulendo wa ku Boma wopita pachabe, fumbi lokhalokha.

Loweruka, 19 Julayi

Zafika zisanu ndi zinayi. Makutu anga akulira okha. Ndamva ulaliki umodzimodzi wa Yona kasanu ndi kawiri, chinsomba chija ndikuchimvera chisoni.

Calvin anaimba. Poyamba kundikalipira kuti adada foni si choseweretsa, ngati si ine ndinamuphunzitsa kupukuta mamina. Akuti nambala anailemba m'kabuku, kabuku kali m'chikwama, chikwama chili kwa mnzake ku malo ena otchulika movuta. Apita mawa akaweruka. Kenaka anafunsa za dzanja la amayi ake. Ndinati likupeza bwino. Bodza limeneli silinandikomere m'kamwa ngati ena aja.

Zoona zake n'zakuti powasambitsa m'manja lero ndinaona zala ziwiri zapindikira mkati. Ndinayesa kuziwongola, anakoka mpweya ndi mano. Masiku asanu ndi limodzi osagwira kampira. A Linily ananena kuti zala zikauma ndiye zauma, sizimva kupepesa.

Ndinawaikira zisanu ndi zinayi zija motsatana. Inayamba yoyamba, "yayi". Si imeneyo yoyambira. Ndinasintha, "yayi". Ndinati mayi, nyimbo ndi nyimbo, kaya yabwera kutsogolo kaya kumbuyo. Anandionetsa msana. Ndinatuluka kukakalipira ng'ombe, zosalakwa.

Lamulungu, 20 Julayi

Kutchalitchi a Conrad anawerenga za lilime ndi moto, maso ali pa ine. Sindinasinze ngakhale pang'ono. Potuluka anandigwira dzanja mwamphamvu n'kunena chapansipansi kuti, "A Gausi, chifufutidwe chinthu chija." Ndinati akulu, kufufuta ndiye kwandifikitsa pano, sindikhudzanso kanthu.

Madzulo tinamaliza mazana asanu ndi anayi onse. Zapezeka khumi ndi imodzi. Ndinawerenga pakalendala kawiri. A NyaShaba anakweza chala chimodzi, kusonyeza yotsala. Ndinati mulibe, zatha, ndaliza ngakhale mankhwala a nkhupakupa. Chala chili m'mwamba. Ndinafunsa ngati ndi ya kwaya, yayi. Ya ukwati wa Calvin, yayi. Ya maliro, yayi. Anayesa kunena, milomo inagwedera, mawu osatuluka, mpaka misozi. Anaponya mthiko kukhomo.

Sindinapeze choseketsa chilichonse. Ndinatola mthiko n'kukautsuka.

Lolemba, 21 Julayi

Nambala ina yafika m'mawa, yachitatu tsopano, pakuti yachiwiri inali ya ku banki yake. Lero linali tsiku la a NyaShaba ku Embangweni, ndiye tinapita pangolo, foni ili m'thumba la jekete.

A Linily ndi a ku Dedza, Chichewa chawo chosalala, koma chimaluma. Atangogwira dzanja anafunsa kuti kampira kakugwira ntchito? Ndinayamba za chimfine cha foni. Anati, "Agogo, nthabwala musiyire panja pamodzi ndi ng'ombe. Chachitika n'chiyani?" Ndinaulula zonse, ndi mkonono womwe. Sanaseke, koma ndinaona mapewa akugwedera pamene anatembenuka kufuna cholembera.

Anatenga foni, anabwezera kabokosi kofiira, analemba nambala ya Calvin. Kanazungulira, kanazungulira. Kanafunsa ngati tikufuna zakale zibwerere. Ndinati auzeni kuti ndapota. Kenaka pagalasi panatuluka "Zanga", pansi pake 12.

Tomvera ndinaiwala kunyumba, ndiye zinalira pa sipika, m'chipinda muli odwala ena anayi ndi owadikirira. Yoyamba inali ya ingoma, imene ine ndinkaiika kumapeto. A Linily anaika kampira m'dzanja. Zala zinagwira pang'ono, mwaulesi. Ine ndinkafuna kudziwa yosowa ija, ndiye ndinapempha kuti tidumphe. A Linily akuti ili pa nambala seveni, ndipo sinachokere pa Watsapu, inajambulidwa ndi foni yomweyi, n'chifukwa chake kabokosi kobiriwira sikankaiona.

Anadina. Kunamveka madzi akukhuthukira mu ndowa. Tambala. Kenaka mwamuna wina akuimba m'bafa, mawu ngati chitseko cha khola, nyimbo yopeka yekha yoti NyaShaba wanga mwendo ngati nsungwi, anakana aphunzitsi n'kulola wamatabwa. Akulakwitsa, akubwereza, akuwomba m'manja ndi sopo.

Ndinati zimitsani, ameneyo sindikumudziwa. Chipinda chonse chinali chitagwa kale. Bambo wina wa ndodo anafunsa ngati ndimaimbanso pa maukwati.

Chakumapeto kwake kunamveka kuseka kobisa pafupi ndi foni, ndi mawu a a NyaShaba, athunthu, mmene analili kale: "Tamverani mdala wanga. Ndipo akuti ine ndiye ndinamufunsira."

Miyezi isanu sindinamve mawu amenewo. Ndinayang'ana pawindo ngati ndikuona ng'ombe.

Itatha, inayamba nambala eyiti, ya kwaya. A NyaShaba anati "yayi". Ndinatambasula dzanja kuti ndithandize, a Linily anandimenya pamkono. Foni inali pamiyendo pawo, mbali ya kumanja. Kampira kanagwa pansi. Dzanja lija linakwawa pachitenje pang'onopang'ono, chala chopindika chinaphonya kawiri, kachitatu chinadina.

Madzi anayambanso kukhuthukira mu ndowa.