Dzina la pamwamba pa tsamba

Lachinayi

[10:42] Lara: 📷 chithunzi

[10:42] Lara: mlamu, programa ya ukwati wanga ndi achimwene ako iyi. tsamba la chinyanja. tawerenga kamzere ka pamwambapo

[10:44] Jéssica: "Ukwati wa Ivanildo ndi Vanda"

[10:44] Jéssica: mayo ine

[10:45] Lara: ine paja ndine Lara. kapena anandisintha dzina ndili mtulo?

[10:51] Jéssica: mlamu pepani. ndikanagwada koma ndili mu chapa pa mlatho, minibasi yadzaza, tapanikizana

[10:58] Jéssica: ndapeza pomwe zinalakwika. kabukuka kali ndi zigawo zitatu, português, nyungwe, chinyanja. chilichonse ndi cabeçalho yake, kamzere kameneko. nditasintha ka português, ka nyungwe kanatsatira kokha pakuti n'kolumikiza. ka chinyanja sikanali kolumikiza, kanatsala momwe kanalili

[10:59] Jéssica: polemba kamaoneka kotuwa, diso limangodutsa. kamadzada bwino mu PDF

[11:00] Lara: sindinapemphe aula, sindili m'kalasi

[11:00] Jéssica: zoona. ine amene ndimaseka anzanga osadziwa Word. diploma yanga ikakulungire mandasi

[11:03] Lara: aona ndi azakhali anga, afika dzulo kuchokera ku Angónia ndi mbatata za paphwando. português sawerenga, anangotsegula pa chinyanja. akundifunsa ngati ndikulowa mitala

[11:05] Jéssica: 🎤 0:48

[11:06] Lara: sindimvera, ali pompano akundiyang'ana

[11:07] Jéssica: ndikonza pano pano, ndithamangira ku gráfica akasindikizenso. mawa mmawa maprograma atsopano afika kwanu ku Matundo, akalewo ndiotcha ndekha. chonde musawauze kaye achimwene, mano Ivanildo

[11:31] Lara: wati kanatsala momwe kanalili

[11:31] Lara: ndiye kuti ficheiro ya programayi inalipo kale mu kompyuta

[11:32] Lara: Ivanildo anandiuza kuti ndi Vanda sanafike n'kwa padre komwe kukalembetsa ukwati

[11:40] Jéssica: anafika

[11:41] Jéssica: za iwo ndi Vanda zinatha programa ndili nditamaliza. ndinangoti ndisayambirenso, zilankhulo zitatu kuziyalanso n'chintchito. ulesi wanga mlamu, iwo sakudziwa kuti ndinatenga yomweyo

[11:43] Lara: kupatula dzina ndi tsiku unasintha chani

[11:47] Jéssica: maluwa a pachikuto

[11:47] Lara: basi?

[11:49] Jéssica: ndi font

[11:55] Lara: zamkatimu anakupatsa ndani

[11:56] Jéssica: mano Ivanildo. anachita kunditchulira chimodzichimodzi sabata yatha, ine n'kumangoona kuti palibe cholemba

[12:02] Lara: nyimbo yolowera m'tchalitchi ija. anati anaisankha chifukwa ndi imene ndinkaimba ku kwaya tsiku limene anandiona koyamba

[12:02] Lara: inalimo kale?

[12:04] Jéssica: 🚫 uthengawu wafufutidwa

[12:09] Lara: Jéssica

[12:20] Lara: ndikuona kuti wawerenga

[12:48] Lara: ku gráfica usapiteko kaye